Kiyi Wodulitsa

Kalata inafika Lachiwiri, pamodzi ndi bilu ya gasi.
Mizere isanu, siginecha yosawerengeka.
Akuti kuyambira mwezi wamawa
kapisozi wanga uja, wabuluu uku, woyera uku,
amene ndameza m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi,
alowedwa m'malo ndi timapiritsi tiwiri,
kena m'mawa, kena madzulo.
Akuti mankhwala ndi omwewo.
Akuti ndalama zotsalazo zithandiza odwala ena.
Ndani angatsegule pakamwa kukana odwala ena?

Ine ntchito yanga ndi yodula makiyi
m'kashopu kothina, kuseri kwa depoti ya basi muno mu Dundee.
Mawu oti "ndi yemweyo" ndimawadziwa,
ndimawanena ndekha kakhumi pa tsiku
popereka kiyi watsopano akadali wofunda.
Koma pamakhala mmodzi wobwerera,
jekete lili chuuu ndi mvula,
kudzati: bambo, akulowa bwinobwino,
kungoti sakutembenuka.

Kapisozi uja anali waulemu.
Ankasungunuka pang'onopang'ono, osadzionetsera,
mpaka ndinkaiwala kuti ndimadwala.
Tatsopanoti timagogoda ndi phazi.
Naini koloko, nseru.
Teni koloko, dzanja likuvina pa makina,
ndaononga makiyi atatu a mayi wa ku Lochee.
Ikamati folo, tandithawa kale,
m'mutu mukuthetheka ngati waya wosupuka
ndikangotembenuza maso.
Ndiye chija chimabwera,
chija chinandigoneka m'chipatala miyezi iwiri
chaka chimene Ailsa anayamba sukulu.
Chimaima tsidya la msewu, manja m'matumba.
Sichiwoloka ayi.
Chimangondiyang'ana ngati wangongole wodziwa kudikira.

Ku famase, Mayi Petrie anavula magalasi,
nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadera.
Kusiyana kwake ndi mapaundi khumi ndi limodzi pa mwezi, anatero,
si ine ndinaganiza zimenezi.
Ndinati ndikudziwa.
Mapaundi khumi ndi limodzi:
makiyi awiri a pakhomo ndi chenji chake.
Ndinatuluka nditaudziwa mtengo wa madzulo anga.

Kiyi akakana sinditaya.
Ndimam'pana, ndimatenga tupa,
ndimapala dzino limodzi, kamodzi, kawiri, ndiyesenso.
Choncho ndinayamba kupala tsiku langa.
Buledi kaye, piritsi pambuyo.
Khofi ndinachepetsa, ngakhale ndinamulira.
Alamu ya pafoni imalira mawu a bakha,
Ailsa ndiye anasankha, akuti ndizisekako.
Folo ikakwana ndimatseka shopu mphindi khumi,
ndimatsetserekera kumtsinje wa Tay
kukawerenga mizati ya mlatho mpaka yotsalayo nkhungu itameza.
Dzulo ndinafika makumi awiri ndi itatu.

Ndili ndi kope la malisiti limene ndinalitembenuza.
Lolemba: kuthetheka kasanu ndi kawiri.
Lachitatu: ndinalira m'chimbudzi, chifukwa palibe.
Loweruka: ndagona mpaka kucha!
Lamulungu: ayi, Loweruka linangondinamiza.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinapita nalo kwa Dokotala Rennie.
Anawerenga tsamba lililonse, ngakhale lodontheredwa girisi.
Anati alembera akuluakulu kupempha kapisozi wakale,
koma ndisayembekezere msanga,
mwinanso thupi lizolowera yankho lisanabwere.
Mwina.
Mawu amenewa sindingawanene kwa munthu
amene waima panja pa nyumba yake yomwe, usiku, mu Januwale.

Lero ndi Lachinayi.
Kunja kwada kale, nyali za basi zikusambira m'matope a chipale.
Bakha walira m'thumba la epuloni.
Ndameza kachiwiri kaja ndi tiyi wozizira.
Tsidya la msewu ndasuzumira kamodzi kokha.
Pakauntala pali mnyamata ndi kiyi wa njinga,
akufunsa ngati watsopanoyo adzakhale chimodzimodzi.
Ndati, kamuyese.
Akavuta ubwere naye, ndimatseka sikisi.