Masamu a Pakhomo

Tsiku limene anandipatsa malaya achikasu aja
Mayi Kachiwanda sanafunse ngati ndimatha kugawa manambala.
Anati, masamu aakulu m'nyumba muno ndi a pakhomo:
amene alowa, atuluke omwewo.
Zinazi ndi zoseweretsa chabe.

Nyumbayi kale ankasungiramo thonje, kuseri kwa njanji.
Ikamati teni koloko malata ake amayamba kudandaula ndi dzuwa la Salima.
Lero muli sikelo ya nyemba,
zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya,
gudumu la njinga loyezera kutalika kwa khonde,
ndi magalasi opinda amene mwana mmodzi akaimamo amasanduka gulu.
Malipiro ndilibe. Ndili ndi baji ndi wenzulo.

Lachinayi lole inatsitsa ana a ku Lifidzi, fumbi lili m'nsidze.
Ndinawawerenga chala chili m'malere, osakhudza mutu wa wina:
makumi atatu ndi asanu ndi awiri.
Takulandirani. Madzi ali apo. Kuchimbudzi muzipita awiriawiri.
Wofuna kufunsa afunse, muno funso silikwapulitsa.

Ndinaphunzira kunjuta polankhula ndi mwana
kuti maso athu akhale pa mzere umodzi.
Foni imagona m'kabati, nkhope ya mwana wa eni sijambulidwa.
Chitseko sichitsekedwa ndikakhala ndi mwana ndekha.
Switi wa m'thumba ndimadya ndekha pobwerera kwathu.
Yankho likamandiyabwa pa lilime ndimalimeza
mpaka mwini wake alitole yekha pakati pa nyembazo.

Masana kunafika bambo wina pa kabaza,
thukuta lili m'khosi, mawu ali othamanga:
Ndine malume ake a Shaibu, kunyumba kwagwa zina, ndipatseni.
Ndinawakokera mpando, ndinawatungira madzi.
Dzina lawo papepala panalibe.
Iwe wa dzulodzulo iwe, undikaniza mwana wa mlongo wanga?
Mawondo anga ankagundana
koma pakamwa panati, pepani bambo, tidikire aphunzitsi.
A Kambalame atabwera anawadziwa, anapatsana moni wa manja awiri,
anasaina, Shaibu anakwera.
Analidi malume.
Manyazi ndinachita, inde, koma mawa ndidzateronso.
Ndinalemba m'mphepete: kuchotsa mmodzi.

Nthawi yobwerera, mzere uli pakhomo, injini ikulira kale.
Makumi atatu ndi asanu.
Ndinabwereza.
Makumi atatu ndi asanu.
Wina anaseka, wina anasuntha, ndinayambanso,
ndipo nambala inakana kukula.

Sindinadziwepo kuti mmodzi ndi wolemera chonchi.
Pa bolodi ndi kandodo chabe,
koma apa anali njanji yonse, msewu wa M5 ndi malole ake,
chitsime chosavindikira kuseri kwa mpanda,
mayi wina ku Lifidzi amene sakudziwa kanthu, akuanula zovala.

Wenzulo. Geti itsekedwe. Aliyense aime pomwe ali.
Mayi Kachiwanda kumanja, ine kumanzere,
pansi pa matebulo, kuseri kwa sikelo.

Tinamupeza m'magalasi muja.
Asiyatu, nsapato imodzi ili m'manja,
akuloza ndi chala, milomo ikuyenda.
Sanatembenuke n'komwe.
Anati, ndawerenga ndilipo asanu ndi mmodzi,
nanga weniweni ndi uti?

Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kumunyamula.
Zonse ziwiri ndinazipinda m'thumba.
Ndinanjuta pakhomo pomwepo, Mayi Kachiwanda ali pambali panga,
ndinati, weniweni ndi amene lole ikumudikira.
Anaganiza kaye. Kenako anatsanzika anzake asanuwo.

Atapita ndinasesa nyemba zomwazika,
ndinabweza gudumu pa msomali wake.
Manja anali asanasiye kunjenjemera.
M'kaundula ndinalemba nthawi, dzina, malo amene tinamupeza,
ndi pempho loti pa magalasi paziima munthu.
Pansi pake, mwa zilembo zazing'ono,
ndinaphatikiza ndekha kachiwiri, ngakhale palibe anandituma.
Zinakwana.