Magalasi Ndinawaiwala Kumsika

Ku Busan, usiku wotsiriza wa Disembala,
mphepo yochokera kudoko imabwera ndi mano.
Ndinatseka benchi langa la nsomba ku Jagalchi mochedwa,
ndinasamba m'manja katatu, fungo osachoka,
ndipo ndinakwera masitepe zana ndi makumi anayi
kupita kutchalitchi chathu cha paphiri,
ndikupumira m'njira ngati wosenza ngongole.

Ngongoleyo ndinali nayodi.
Zaka khumi ndi chimodzi osalankhulana ndi Gye-ok,
amene benchi lake linayang'anizana ndi langa,
chifukwa cha kasitomala mmodzi, mwini lesitilanti,
amene iye anandilanda ndi kumwetulira.
Mwamuna wake atamwalira, kumaliro sindinapondeko.
Ndinatumbula nsomba tsiku lonse, mpeni ukulira pathabwa,
ndikudziuza kuti ndatanganidwa.
Palinso chala changa chachikuluchi,
Mulungu akuchidziwa,
chimene chimatsamira pasikelo mwakachetechete
wogula akangoyang'ana kumbali.

M'tchalitchi munali mofunda, mawindo akuchita thukuta.
Abusa a Seok anapemphera mpaka mawu anasasa.
Ine ndinapempha zomwe ndimapempha chaka ndi chaka:
bondo lileke kuwawa,
mwana wanga apeze ntchito ku Ulsan,
mtengo wa ayezi utsike.
Za mtima sindinatchule.
Mtima ndinauvula pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Itakwana thwelofu, sitima zakudoko zinaliza mahutala,
ndipo dengu la timapepala linayamba kuyenda,
aliyense atole mawu ake a chaka chatsopano.
Ndinapisa dzanja, ndinatola kanga.
Ndifufuze m'thumba: magalasi mulibe.
Ndawasiya kumsika, pambali pa sikelo.
Zilembo zinangokhala ngati nyerere zomira m'madzi.

Kumanja kwanga kunali khoma.
Kumanzere, ndaninso wina?
Mipando yonse ija, Ambuye, munasowa pomukhazika?

Ndinafumbata kapepalako mpaka kananyowa.
Anthu akupatsana mafuno abwino, ana akuyasamula.
Kenaka mkono wanga unapita wokha,
sindinautume ine,
ndipo pakamwa panatuluka liwu lochita dzimbiri:
"Tandiwerengera."

Anandiyang'ana. Tsitsi lakeli layera liti?
Tsiku ndi tsiku ndinali naye maso ndi maso, osamuona.
Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere,
chala chong'aluka ndi mchere ngati changa chomwe.
Ndikati vesilo ndikulikumbukira, ndinama.
Ndinangomva mawu a munthu amene ndinamukwirira ali moyo,
ndipo china chake m'chifuwa muno
chinasweka ngati ayezi pansi pa nyundo,
madzi ake n'kutulukira m'maso.

"Ndinalakwa posabwera kuja," ndinatero.
Iye anakhala chete kanthawi,
napinda kapepalako, nandibwezera.
"Masitepe aja aterera. Potsika tigwirane."

Basi, zinathera pomwepo.
Mngelo sanaoneke, bingu silinagunde.
Khristu anabwera monga amabwerera kumsika kwathu,
mapazi m'madzi akuda,
osanyansidwa ndi mamba omata m'zikhadabo.

Musaganize kuti ndinayera usiku umodzi.
Patangopita masiku awiri ndinatukwana mnyamata wa ngolo
amene anagunda beseni langa,
mawu oti abusa akanawamva akanatseka makutu.
Koma mayi wina atafuna makerele awiri,
chala chija chinanyamuka mwachizolowezi,
chinafika pafupi,
chinaima m'malere.
Ndinachibweza m'thumba la epuloni
momwe mumagona kapepala kaja.
Singano ya sikelo inagwedera, inakhazikika,
n'kunena zoona.
Zoonazo zinandidyera mawoni mazana asanu.

Ndinaseka ndekha ngati wopenga.
Tsidya lina la kanjira, pakati pa mabeseni ndi mapaipi,
Gye-ok anali atathira tiyi wa balere m'makapu awiri,
nthunzi ikukwera m'chisanu muja.
Sanandiitane ndi dzina.
Anangokankhira kapu imodzi kumapeto kwa thabwa,
mbali yakuno.