Woyimba Foni

Twaibu amayimba nyimbo.
Ine ndimayimba foni.
Chichewa chinatipatsa mawu amodzi tonse awiri
koma m'manja amawombera iye yekha.

Ndinafika ku Salima ndi chikwama chofa zipi
ndi dzina limene anthu ankalitafuna n'kulilavula:
Nizigama.
Anayesa sabata imodzi, n'kutopa nalo.
Kuyambira pamenepo ndine Mburundi basi,
ngati kuti dziko lonse lija linathawira mwa ine ndekha.

Mawu oyamba kuwagwira anali akuti mtengo.
Ndinkaloza sopo, ndinkaloza mchere: mtengo wake?
Tsiku lina kamwana kanandilozera wa mango,
ndipo ndinadziwa kuti kuno mitengo ndi iwiri,
wina amaukwera ana,
wina umakwera wokha usiku anthu ali mtulo.

Twaibu ndinamupeza pa siteji,
ya akabaza, ku Kaphatenga,
akukwapula gitala la nsambo za buleki,
malipiro ake chimanga chootcha, cholumidwa kale.
Ndinati, nyimbo imeneyo mtengo wake?
Anaseka mpaka kutsamwa.

Ndinagula kope la masamu, la timabokosi.
Tsamba loyamba: mafuta a jenereta.
Masipika awiri obwereka kwa abusa a ku Lifidzi,
limodzi losasa mawu ngati lagona kumaliro.
Ngongole ya mayunitsi.
Malaya oyera amodzi, ochapa usiku, ovala m'mawa.

A Chimbalanga, eni holo ya kuseri kwa msika,
anayang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubwera wina.
Amuna anu ali kuti, mayi, tikambirane?
Ndinatulutsa cholembera. Awa. Sainani apa.
Iwo akuti kuno timangogwirana chanza.
Chanza chimayiwala, bambo.
Ine ndawoloka malire awiri,
ndipo paliponse nkhope yanga sinakwane
mpaka pepala litavomera kuti ndilipo.

Loweruka lake ndinayima pakhomo ndi chidindo.
Analowa anthu mazana awiri ndi khumi,
analipira zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi.
Otsalawo anali alamu ake a wina wake.
Magetsi anathima pa nyimbo yachitatu,
jenereta inatsokomola kawiri n'kukhala chete,
holo yonse inapitiriza yokha mumdima
mawu amene ndinawamva akubadwa pa benchi ya akabaza.
Ine ndinali chigwadire panja, foni kukamwa ngati tochi,
ndikupukuta pulagi ndi nsonga ya chitenje.

Mlendo ndi mame, anatero mayi ake a Twaibu,
dzuwa likatuluka akamuka ndi ndalama zako.
Nditawatula malata asanu ndi atatu pakhomo
anandipatsa mpando.
Mawu aja sanawabweze.

Chaka chachitatu kunabwera galimoto ya ku Lilongwe,
magalasi akuda, nsapato zosadziwa fumbi.
Twaibu anadza usiku, maso pansi,
pepala lawo lili m'manja: mundiwerengere, achemwali.
Ndinawerenga mpaka tambala woyamba.
Mzere wachisanu ndi chiwiri unkamugula ndi mawu omwe.
Ndinaukhwatcha, n'kumuuza kuti pita,
koma umenewu usadzausaine ngakhale ataseka bwanji.

Dzulo ndamumva pa wailesi ya m'minibasi.
Anathokoza Mulungu, mayi ake, a Chimbalanga,
ndi mlongo wina wa ku Salima.
Kondakitala anandifunsa chimene ndikusekera.

Kopelo latsala masamba anayi.
Ku Chipoka kuli mtsikana, Nachanza,
amene amati akayitanira mandasi
ngakhale okhuta amapisa m'thumba.
Bambo ake akuti nyimbo ndi uhule.
Lachiwiri ndikupita, ndavala kale nkhope ya msonkhano.

Nanenso nyimbo ndili nayo, imodzi, ya kwathu kumapiri.
Imabwera ndikamawerenga ndalama zachitsulo,
pansipansi, chitseko chili chotseka.
Palibe anandifunsapo mtengo wake.

Foni yatsala kamzere kamodzi ka moto.
Ndiyimbe.