Mzere Wachiwiri

Chisanu cha ku Gdansk chamulowa pakhosi Ludwik.
Usiku wachinayi uno akutsokomola popanda makhololo,
kho, kho, kho, ngati nkhwangwa pa chipika chouma,
mpaka mayi Wiesia a m'nyumba yapansi
agogoda denga lawo ndi mpini wa tsache.

Ndabwera nalo botolo kuchokera ku famase.
Iye akufuna kungopapira.
Ndamulanda.
Kakapu aka kali ndi mizere, bambo,
wachiwiriwu ndiwo malire ako.

Mtsikana wa pa famase uja anandipanikiza:
Akumwa mankhwala ena? Amayendetsa galimoto?
Ndinati basi, mmamawa uliwonse, kuchokera kudoko.
Anapukusa mutu. Amenewa amagonetsa,
ena amamva nawo chizungulire, ena nseru.
Za vodika aiwale kaye.

Ludwik waseka, kuseka kwasanduka chifuwa.
Wamwa. Wakwinya nkhope.
Ola lisanathe zikope zalemera,
nyuzipepala yatsetsereka pa maondo.
Ndaimbira akuntchito kwake: mawa apeze wina.
Anthu makumi anayi
asanyamulidwe ndi munthu wolota.

Botolo ndaliika pamwamba pa kabati,
pamene manja a Jagoda, kamdzukulu kathu, safika,
poti fungo lake ndi la switi.

Pa kalendala ndajambula kamtanda.
Chikapitirira milungu itatu,
kapena ndikaona magazi pa mpango wake,
ndimukokera kwa dokotala, afune asafune.

Tsopano nyumba yati zii.
Wosagona ndi ine,
ndakhala tsonga mumdima,
kuwerenga mpweya wake.