Loweruka ku Dimba la a Nangondo

Loweruka ndimalawira, Kawale akadali m'bulangeti,
kukakwera minibasi ya ku Mitundu,
kondakitala akuyang'ana magambutsi anga obwereka
ngati ndawavula mlonda ali mtulo.
Ndimatsikira pa mbawa yopendekeka ija,
kenako wapansi, mame mpaka m'mawondo,
kufikira mphuno itandiuza kuti ndafika.

Malipiro palibe. Mayi anafunsa kawiri,
kachitatu anangowomba m'manja:
"Fizi yonse ija, gauni lija tinachita kubwereka,
kuti uzikatola ndowe za eni ake ulere?"
Sindinayankhe.
Makalata anga ofunsira ntchito, makumi anayi ndi awiri,
anapita ku Kanengo ndi m'maofesi a m'tauni
osabwerako ngakhale ndi moni,
ndipo manja anga anali atayamba kuiwala
kuti ndi manja.

A Nangondo sachedwa ndi malonje.
Anandipatsa fosholo
ndi wilibala yolira ngati kamwana ka mbuzi.
"Mapesi pansi, ndowe pamwamba, phulusa pang'ono,
masamba aawisi, madzi. Bwerezanso."
Patatha masabata awiri anati, "Pisa dzanja."
Ndinapisa.
Mulu unali wotentha ngati chipumi cha wodwala malungo.
"Ukupsa," anatero, "moto wake ulibe utsi,"
n'kupita kukamangirira matimati.

Muno mulibe thumba la feteleza,
mulibe botolo lojambulidwa chigaza.
Nsabwe zikagwira repu timasinja nimu, tsabola ndi adyo,
kuviika usiku wonse, kusefa pa kansanza.
Sekanawo, namwino wobwera molunjika kuchokera ku naiti,
maso ali psuu,
anayetsemula kasanu ndi kawiri
nati chimfine cha mwezi wathunthu chathera pomwepo.
Akuti kuno amabwera kudzaona zinthu
zimene ukazithirira madzulo, m'mawa zimadzuka.

Tsiku lina khasu langa linadula nyongolotsi pakati.
A Nangondo anagwada, bondo likulira,
naikwirira ndi chala chimodzi.
"Wavulaza mnzako.
Awa ndiwo anayamba kudzipereka muno.
Sasaina m'buku, safunsa ya thiransipoti,
amalima usiku iwe ukulota maofesi."
Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Okutobala anafika ndi ukali wake.
Chitsime chinatsika, chingwe tinachilumikiza kawiri.
Makeni makumi atatu mzere wa mpiru,
mapewa akuyaka, matuza akuphulika m'zikhato,
ndipo bedi lonse la karoti limene ndinafesa ndekha
linapsa ndikuliona,
chifukwa ndinaumira udzu wophimbira.
Palibe anandikalipira.
Anangondipatsa chikwakwa, n'kuloza kudambo.

Kabichi wathu ali ndi zibowo.
Mayi wina wa galimoto yoyera anamutembenuza, nakwinya mphuno.
A Nangondo anati, "Mbozi yalawa, ili moyo.
Inunso mukhala moyo."
Anagula awiri, osatsitsa mtengo.

Dzuwa likapendeka amatigawira mpukutu aliyense:
bonongwe womera yekha m'mphepete, luni, kamuganje,
anyezi atatu dothi likadali kumizu.
M'minibasi ndimaufungata ngati khanda,
wokhala pambali akusuntha pang'ono
chifukwa cha fungo la khola lili m'malaya.
Zikhadabo zanga zakuda sizimvanso sopo.

Kunyumba mayi amamasula luzi,
kuunika tsamba lililonse pa windo,
kuwerenga zibowo mokweza kuti ndimve.
Samayamikira.
Koma Lachisanu lapitali, ndikutsuka magambutsi,
anabwera ndi jumbo yopindapinda bwino,
naiika pa phewa langa, maso ali kwina:
"Matimati anga kuseri kwa bafa achita chikasu.
Mawa ukanditengereko tindowe tako tija.
Tosankha, osati tilitonse."