Muyeso wa Lachiwiri

Anabwera Lachiwiri, mvula itangokata,
matope a ku Mgona akadali kuzidendene.
Mayi ake, a Nankhoma, anatulutsa kalata pachifuwa,
yopindapinda ngati ndalama ya chipepeso:
"Mwanayu mutu sugwira. Tamuyezeni."
Pansi pake chidindo cha sukulu, chopendekeka.

Ndisanatsegule bokosi ndinayamba ndi mayiyo.
Ndinati, kuno ku Bwaila sitiombeza ula,
ndilibe jakisoni, za mawa sindiziona.
Ndimufunsa mafunso, asanja timatabwa,
mukati tilekeze, tilekeza.
Anadinda chala. Ndinapemphanso mwini wake.
Sungeni anayang'anitsitsa pakamwa panga
n'kugwedeza mutu.

Buku limati: nena mawu awa, osaonjeza, osachotsa,
kwa mwana aliyense chimodzimodzi,
wa kumipanda ya njerwa kapena wa kuseri kwa njanji.
Wotchi iyambire apa, iimire apa.
Ndimamvera, poti sikelo ya nyemba pamsika wa Lizulu
ikamanena zina m'mawa, zina madzulo,
timaitcha yakuba.
Choncho timatabwa tofiira titamuzunguza
ndinaluma lilime,
ndinakhalira chala changa chomwe chimafuna kuloza.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri:
mwana wovala zokhuthala akutsetsereka paphiri loyera mbee.
"Chikuchitika n'chiyani apa?"
Iye anati, "Wataya ufa wonse. Akafika kwawo alira."
Buku likuti ziro.
Ndinalemba ziro,
koma pambali ndinalemba mawu ake onse, osasiyako.

Mimba yake inalira tisanafike pakati.
Chidzukireni anangomwa madzi.
Tinapuma, ndinamugawira chinangwa changa,
ndipo poti wotchi inali itagona ndinangocheza:
Loweruka umatani?
Amagulitsa mazira owiritsa kudepoti ndi mkulu wake.
Nanga munthu akatenga atatu n'kupereka chipepala chachikulu?
Chenji anachitchula ndisanameze malovu.

Kenako ndinatembenuka kukatenga fayilo m'kabati,
ndikulankhulabe naye.
Zii.
Ndinamuitana dzina ndili chofulatira.
Zii.
Nditacheuka, maso ake anathamangira pamilomo yanga
ngati nkhuku pa chimanga.
Mayi anati khutu lakumanja linatuluka mafinya chaka chatha,
ndipo m'kalasi amakhala kumbuyo kwenikweni,
ana zana ndi makumi atatu pakati pa iye ndi choko.

Madzulo ndinaonkhetsa. Nambala inatuluka,
yaing'ono, yaukhondo, yosachita manyazi.
Koma ana omwe buku likumufanizira nawo
anabadwira kutsidya la nyanja zamchere,
anadya m'mawa, anamva funso lonse,
phiri loyera lija analiponda ndi mapazi awo.
Tepi ya telala ndi yoona,
koma siyeza kulemera kwa mchere.

A hedimasitala anaimba Lachinayi:
"Ndiye mwapeza zingati?"
Ndinati, bambo, nambalayo ili m'kabati, kiyi ali m'thumba mwanga.
Ikangotuluka pakhomo lino isanduka dzina,
anzake aliimba pabwalo la mpira,
lidzamutsata mpaka tsiku la chinkhoswe.
Zomwe mayi ake alola kuti ndikuuzeni ndi izi:
mumuike kutsogolo, polankhula muzimuyang'ana.
Anadandaula za mayunitsi awo n'kudula.

Mulipoti ndinalemba zomwe ndaona, ndi zomwe sindikudziwa,
ndipo zosadziwazo zinadzaza tsamba lalikulu.
Akaonetse khutu ku Sentolo.
Abwerenso pakatha miyezi itatu, atadya,
tidzayese ndi muyeso wina, ndidzamvenso kwa aphunzitsi ake.
Mwina vuto lina lilipo ndithu. Sindikukana.
Koma tsiku limodzi lamvula silingandiuze.

Tsiku lija potuluka anandikoka malaya.
"Ndakhoza?"
Ndinawerama kuti aone pakamwa panga:
kuno kulibe kukhoza kapena kulephera,
ndipo ine ndi iwe sitinamalize.

Pazenera ndinawaona akulowera kokwerera minibasi,
mayi atatambasula chikhato,
iye akuwerenga ndalama ya ulendo,
n'kubweza imodzi pamfundo ya chitenje.