Funso la Wodulitsa Ziphaso

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndadulitsa ziphaso
mumsika wa Zomba,
kuyambira kwa ogulitsa nsomba mpaka kwa osoka nsapato,
ndiye ndalama ya khonsolo ndimaidziwa fungo lake:
imanunkha matemba a ku Kachulu ndi thukuta la pamfundo ya chitenje.
Komwe imakagona ikachoka m'manja mwanga
musandifunse.

Lachitatu anatiitana ku holo.
A khansala Makawa, jekete lothina m'khwapa,
anayala mapu patebulo.
Nthambo, akuti, yathuyathu,
ichokere ku Chinamwali, idutse Matawale,
ikhote pa Ndola, itsikire ku Mpondabwino, ikwere Sadzi,
intaneti iziyenda pansi pa nthaka
monga madzi a Mulunguzi ayendera m'mapaipi.
Anthu anaomba m'manja. Anga anali m'thumba,
zala zikuwerenga miyezi itatu ya malipiro
imene khonsolo yomweyo sinandipatsebe.

Koma ndisaname, mtima unagunda.
Ndinakumbukira Asiyatu, mwana wanga wachiwiri,
usiku uja wa chiperoni
ataima pachulu kuseri kwa nyumba,
foni m'mwamba ngati akuonetsa Mulungu lisiti,
akutumiza fomu ya ku koleji.
Kagudumu kaja pagalasi kanazungulira, kanazungulira,
bandulo ya zikwi ziwiri inasungunuka ngati mchere pamvula
fomu ili pakati pa njira.
Tinaimba ku kampani.
Anatiyankha mayi wosapuma mpweya, mawu osalala:
dinani wani, dinani thuu.
Palibe nambala imene ukadina
pamatuluka munthu woti um'yang'ane m'maso.

Che Ndembo, wokonza mawailesi kufupi ndi depoti, anaimirira.
"Nyale za mumsewu zinazima chaka cha namondwe.
Galimoto ya zinyalala yakhala pamiyala
mpaka nkhuku zaikiramo mazira.
Mbuzi yakukanikani, lero mukufuna ng'ombe?"
Holo yonse inafa nacho chiseko.
Mayi Nankwenya, aphunzitsi a sitandade eyiti, sanaseke.
"Msewu wa kwathu ndi wokumbika, inde,
koma palibe amandilipiritsa phazi lililonse ndikaponda.
Kampani imadzala nsanja pomwe pali ndalama.
Ana anga amakhala komwe kulibe."

Onse awiri ndinawagwedezera mutu
mpaka khosi kuwawa.

Kenako dzanja langa linadzuka lokha.
Ndinati: bwana, ine ndine wa ziphaso chabe.
Nthamboyo ikaduka Loweruka usiku pa mlatho wa Likangala,
adzadzuke ndani?
Ndalama yake idzakhala ndi thumba lakelake,
kapena idzagwera m'dengu lomwe lija
lotapamo za mafuta ndi za misonkhano ya ku Liwonde?
Ndipo mudzakhoma pageti la msika, mwezi ndi mwezi,
pepala loti zalowa zingati, zatuluka zingati,
kuti ngakhale wa tomato awerenge yekha?

A Makawa anamwa madzi.
Mlembi analemba kena kake, kaya ankangojambula maluwa.
Anati funso labwino, lipita ku komiti.

Potuluka, phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Ndinayenda wapansi, ndinalumpha ngalande yotsekeka ija
imene ndakhala ndikuidandaula kuyambira Asiyatu ali kumsana.
Sanaikonzebe.
Komabe chitseko chogogoda ndikuchidziwa,
wobisala kuseri kwake ndikum'dziwa dzina,
ndi tchalitchi chomwe amapempherako,
ndi benchi yomwe amagulapo bonya mwezi ukafika pakati.

Mawa sikisi koloko ndili mumsika.
Mayi wa matemba adzandifunsa: nanga zija munamanga zotani?
Ndidzang'amba chiphaso, ndidzawapatsa,
ndidzati: kasungeni bwino kapepalako, mayi,
mwina tsiku lina kadzatiyankhulira.